Tsiku Lomwe Phanindra Anakapempha kwa Nyenyezi

Phanindra Vemuri ndi munthu woti akagula mkaka amayamba wawerenga zonse zolembedwa pa botolo, mpaka adiresi ya fakitale. Ife a kuno ku Irving timangomuti Phani. Anabadwira ku Tenali, m'dziko la kwathu kutsidya kwa nyanja, bambo ake anali mphunzitsi wa masamu, ndipo kuno ku Texas anabwera kudzaphunzira za makompyuta ali kamnyamata koonda ka tsitsi lambiri. Lero tsitsilo latsala la m'mbali mokha, koma chitupa chomulola kukhala kuno mpaka kalekale sichinatulukebe. Ali pa mzere, monga tilili ambiri a ife. Iye mwini amati akadzafika kutsogolo kwa mzerewo adzakhala ndi ndodo m'manja, komanso mdzukulu pambali womukumbutsa chomwe wabwerera. Pakadali pano akukhala pa viza ya ntchito, ija imatha n'kumawonjezeredwa ngati mayunitsi a magetsi.

Viza yotere imamuphunzitsa munthu ulemu. Phani sanapyolepo malire a liwiro pamsewu, ngakhale a m'mbuyo amuimbire hutala bwanji. Bwana wake akayamba nthabwala, iye amaseka isanafike pakati. Wina akamuyamikira kuti ndi munthu wabwino, amakana. Amati iye si munthu wabwino ayi, ndi munthu wa viza.

Chinthu chimodzi chokha ndiye ankachinyoza momasuka, poti sichingamuchotse ntchito: zopenda nyenyezi. Ukwati wake ndi Sravanthi anauvomereza ndi a Kameswara Sastri a ku Guntur, omwe akuchikazi sachita kanthu osawafunsa. Iwowo ndi amene anayerekeza nyenyezi za awiriwa n'kunena kuti zikugwirizana. Phani anakwatira mokondwa ndithu, koma pa maphwando ankakonda kunena kuti nyenyezi sizidziwa n'komwe kuti Guntur ili mbali iti, ndipo zili ndi zochita zambiri zoposa kuyang'anira ukwati wa mwana wa mphunzitsi.

Mu Januwale wa 2025, Sravanthi ali woyembekezera, mtsogoleri wa dziko anasaina lamulo lake, losadzera ku nyumba ya malamulo. Linkati mwana wobadwira kuno kwa makolo opanda zitupa, kapena okhala pa viza ya kanthawi ngati ife, sazikhalanso nzika chifukwa chongobadwira kuno. Linkayenera kuyamba kukhudza ana obadwa Febuluwale atapitirira pakati. Sravanthi ankayembekezera kuchira kumapeto kwa Malichi.

Phani anachita zomwe amachita akaopa: anawerenga. Anawerenga ndime ya m'malamulo aakulu a dziko yonena kuti wobadwira kuno, amene ali pansi pa malamulo a kuno, ndi nzika. Anawerenga za mlandu wakalekale wa munthu wobadwira ku San Francisco kwa makolo a ku China, yemwe khoti lalikulu linati ndi nzika ndithu. Sabata isanathe anali atasanduka loya wa abambo onse a pa mdadada wathu. Pa gulu lathu la pa foni ankalemba zitalizitali, kufotokoza kuti cholembera cha munthu mmodzi sichingafute malamulo aakulu, kuti kusintha malamulo amenewo ndi ntchito ya nyumba ya malamulo ndi zigawo za dziko, ndiponso kuti woweruza wina waika kale chiletso. Ife tinkawerenga mizere iwiri yoyamba n'kumutumizira chala chachikulu. Tisamunamizire munthu: zomwe ankalembazo zinali zolongosoka, ndipo ambiri tinakhazikika nazo mtima.

Yemwe sanakhazikike nazo mtima anali mlembi wake. Akamaliza kutilimbitsa, ankakadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi. Chiletso ndi chiletso basi, ankadziuza choncho, khoti la pamwamba likhoza kuchichotsa mawa. Ndipo moyo wa mwana wokhala pa viza ya bambo ake ankaudziwa bwino. Anaonapo ana a anzathu, okulira kuno, olankhula ngati eni dziko, akufika msinkhu woti viza ya makolo siwaphimbanso, n'kuyamba kufunafuna njira yotsalira m'dziko lokhalo lomwe akulidziwa. Sankafuna kuti mwana wake adzayambe moyo ndi ulemu ngati wakewu.

Choyamba anamuyesa Sravanthi mozungulira. Ali pa tebulo m'mawa, anangoti wamva kuti mabanja ena akupempha madokotala kuti ana abadwe msanga kudzera mu opareshoni, tsiku lija lisanakwane. Ananena ngati nkhani ya anthu ena, maso ali m'kapu ya khofi. Sravanthi anaphunzira za mankhwala ku Vijayawada, ngakhale kuno sanagwirepo ntchito yake, ndipo zinthu samazizunguliza. Anayankha kuti mwana si katundu woti ukalipira amafika msanga. Phani sanafunsenso. Onse awiri ankakumbuka pathupi poyamba, pomwe panapita padera chaka cha dzana. Nkhani imeneyo m'nyumba mwawo siitchulidwa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma Phani ndi munthu wophunzira, ndiye nzeru zinamuchulukira.

M'nyumbamo munali apongozi ake, mayi Annapurna, omwe anabwera kudzadikirira mwana wawo kuchira, atanyamula masutikesi odzaza mango a tsabola. Iwowa ngakhale tsiku lokwera ndege anawasankhira ndi a Sastri. Tsono kwathu, mayi akakhala kuti achira ndi opareshoni, si zachilendo kufunsa wopenda nyenyezi tsiku ndi ola labwino. Phani anaona njira. Sravanthi atha kukanira mwamuna wake, koma kukanira mayi ake, nyenyezi zili kumbuyo kwawo, n'kovuta. Chinangotsala n'choti nyenyezizo zinene tsiku loyenera.

Phani anawaimbira a Sastri m'mawa wina ali m'galimoto kunja kwa ofesi, ku Guntur kuli madzulo. Anayamba ndi moni wautali, anafunsa za maondo a a Sastri, za mvula, za adzukulu. A Sastri anamumvetsera mpaka moni anamuthera.

"Akamwini," anatero, "mukufuna ndikuuzeni tsiku labwino, kapena tsikulo muli nalo kale, mukungofuna ndilidalitse?"

Phani anatsokomola. Anati sakufuna kuwaphunzitsa ntchito, akungofunsa ngati mwina, atayang'anitsitsa, sipangapezeke tsiku labwino Febuluwale asanapitirire pakati.

"Simuli oyamba. Andiimbira kale a ku New Jersey, a ku Atlanta. Chaka chino nyenyezi zonse zasamukira mu Febuluwale." Kunamveka mapepala akutembenuzidwa. "Kodi si inu munati nyenyezi sizidziwa komwe kuli Guntur?"

"Inali nthabwala chabe, a Sastri."

"Inatipeza kuno, tinaseka." Kenaka anati Lachinayi la sabata yachiwiri ya Febuluwale, m'mawa, ndi labwino poyamba zinthu, ndipo pamenepo sakunama. "Koma ine ndimaona kumwamba. Za m'mimba mukafunse dokotala."

Phani, munthu wowerenga botolo la mkaka mpaka pansi, anamva theka loyamba lokha.

Madzulo ake anangofunsa apongozi, ngati zangomubwerera, kuti kodi za tsiku lochira a Sastri anafunsidwa. Mayi Annapurna anagwira pakamwa. M'mawa mwake anali ataimba kale, ndipo Lachinayi lija linalowa m'nyumba. Zikuoneka kuti a Sastri anawauzanso za dokotala zija, koma theka lachiwiri la mawu awo silinkawoloka nyanja. Mayi anayamba kumunyengerera mwana wawo pang'onopang'ono, pomupesa tsitsi, pomusisita mapazi. Ankati mwana wobadwa tsiku limenelo sadzasowa kanthu, ndiponso madokotala a kuno ali ndi makina a chilichonse.

Apa Phani anasewera sewero lomwe mpaka pano akalikumbuka amabisa nkhope. Anatsutsa. Anauza apongozi ake, pamaso pa mkazi wake, kuti izi ndi zikhulupiriro chabe, munthu wa sukulu sangazitsatire. Anadikira pang'ono, n'kupumira m'mwamba, n'kunena kuti komabe poti anena ndi a Sastri, iye ndani kuti atsutse akuluakulu. Sravanthi anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanavomere, koma ulendo uno sanakanenso. Anayamba kukhala chete, dzanja lili pamimba, ndipo Phani anawerengera chete ameneyo ngati chipambano.

Zikanathera m'nyumba momwemo, koma nzeru yabwino imayabwa. Phani sakanatha kukhala ndi nzeru yotere popanda wina womuyamikira. Anauza mnzake Mallik wa nyumba ya pansi, yemwe mkazi wake Lavanya analinso woyembekezera, n'kumupatsa nambala ya a Sastri. Anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Mallik sanauze munthu, anangouza mkazi wake ndi mnzake mmodzi wa ku ntchito.

Kumayambiriro kwa Febuluwale kunali mwambo wa Sravanthi wa zibangili, uja timauti seemantham, wodalitsa mayi woyembekezera, m'holo ya pa mdadada. Anamukhazika pa mpando wokongoletsedwa, atavala sari yobiriwira, maluwa ali m'tsitsi. Amayi ankabwera mmodzimmodzi kumuveka zibangili zagalasi ndi kumuwaza mpunga pamutu. Abambo tinali ku ntchito yathu ya pa miyambo yotere, yonyamula mipando ndi kukangana za ndale. Phani ankazungulira ndi beseni la mpunga wa bwemba, akupakulira alendo.

Anali pafupi ndi amayi akuluakulu pomwe mayi ake a Lavanya anayamba kudzitama kuti mdzukulu wawo wapezeredwa tsiku labwino kwambiri, Lachinayi la sabata yamawa. Mayi Annapurna anadabwa, anati nawonso ndi lomwelo. Mayi wina wachitatu anaika kapu pansi n'kunena kuti mpongozi wake nayenso ndi Lachinayi lomwelo, m'mawa. Anafunsana kuti anawapendera ndani. Onse anatchula a Kameswara Sastri a ku Guntur.

Mayi Annapurna anafunsa kuti anthu a ku Warangal, kwawo kwa Lavanya, awadziwa bwanji a Sastri a banja lawo. Lavanya, mtsikana wopanda chinyengo, anayankha mokweza kuti onse amve.

"Nambala anatipatsa ndi achimwene athuwa, a Phani. Anati mukangowauza malire a tsiku, iwo amakupezerani lina la mkati mwake. Akuti kwawonso anachita choncho."

M'holo munangotsala phokoso la zibangili za Sravanthi, yemwe anali akutsitsa manja pang'onopang'ono. Phani anaima ndi chipande m'mwamba. Akuti panthawiyo anaganiza zambiri: zokana, zoseka, zokomoka. Chomwe anachita n'kufunsa mayi wachitatu uja ngati awonjezere mpunga.

Sravanthi sanayambitse ndewu pa anthu. Analandira zibangili zotsala, anagwadira akuluakulu momwe mimba inamulolera, anajambulitsa ndi aliyense, ngakhale ndi mwamuna wake. Atabwerera kunyumba, mayi ake analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Sravanthi anakhala pa mpando wa kukhitchini n'kuyamba kuchotsa maluwa m'tsitsi. Pamaso pa mayi ake amamuti "inu" mwamuna wake. Tsikulo panalibe inu.

Phani anayamba kufotokoza. Anatchula chiletso, khoti la pamwamba, ana a anzathu aja. Anati zonse anachitira mwanayo. Sravanthi anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake sanamugende ndi beseni lija. Anati mantha akewo naye ali nawo, kungoti iye sawalemba pa foni. Chomwe chinamupweteka n'choti kwa masabata awiri wakhala akudziona ngati mayi woipa, wokanira mwana wake mwayi, osadziwa kuti nyenyezi zomwe akulimbana nazo zimadya naye pa tebulo limodzi.

"Lachiwiri tili ndi sikelo," anatero. "Ukamufunse wekha dokotala. Osati amayi, osati a Sastri, osati ine. Ukatsegule pakamwa pakopo unene kuti amutulutse sabata ino. Ukakatha kunena, ine ndikagona pa bedipo."

"Sravanthi, ine sindimatanthauza kuti..."

"Umatanthauza. Ungokanena."

Munthu wina akanamva kuti ameneyu ndi msampha. Phani anamva kuti wapatsidwa mpata, ndipo anakonzekera. Masiku otsatirawo ankayeserera m'galimoto popita ku ntchito, mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, mawu ofatsa a munthu woganiza bwino. Anawerenganso za ana obadwa masiku osakwana, n'kupeza kuti ambiri a msinkhu umenewo amakula bwinobwino. Mawu oti "ambiri" anawakonda kwambiri. Sanafune kufunsa kuti otsalawo ndi ana a yani.

Lachiwiri anapita atatu. Mayi Annapurna anali asanamulankhulebe mkamwini wawo, koma ananyamula chikwama cha kuchipatala, chomwe anachilongedza kalekale, poti mwina dokotala anena kuti agonere konko kudikira Lachinayi. Za chinyengo cha mkamwini anali atazimva, koma tsikulo linali lochokera kwa a Sastri ndithu, ndipo sankadziwa kuti alitaye kapena alisunge. Anatsala pa benchi panja, chikwama chili pamiyendo.

Dokotala anali mayi wamtali wa imvi, a Whitlock, wolankhula mofulumira. Anapaka mafuta pamimba pa Sravanthi n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo kake, chithunzi chikuoneka pa kanema. Anawaonetsa mutu, msana, kaphazi. Kenaka anaima pa chifuwa n'kuwauza kuti ayang'anitsitse. Kachifuwako kankakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, kenaka kanaleka, kenaka kanayambanso. Dokotala anati mwanayo akuyeserera kupuma. Mpweya mulibe m'menemo, koma amayeserera choncho, mapapo akumka nakhwima. Anati sanaidziwe bwinobwino ntchitoyo, koma akulimbikira, ndipo masabata otsalawa ndi a zimenezo.

Phani ndi mwana wa mphunzitsi. Anakula akuona bambo ake akukangana ndi makolo ofuna kuti mwana wawo adumphe kalasi. Anayang'ana kachifuwa kaja kakulakwitsa n'kuyambiranso, ndipo mfundo yoyamba inamuthawa. Anacheukira kwa mkazi wake. Sravanthi sankayang'ana kanema, ankayang'ana kudenga, dzanja litagwira chitsulo cha m'mbali mwa bedi zolimba. Anali atamuonapo atagwira chitsulo chotero kamodzi kokha, chaka cha dzana, m'chipinda ngati chomwechi.

Dokotala anapukuta mafuta aja n'kufunsa ngati pali mafunso. Sravanthi anati iye alibe, koma bambo ali nalo.

Pano tiyenera kunena mosamala. N'kutheka ndithu kuti dokotala akanakana, pakuti opareshoni yotere popanda chifukwa cha matenda madokotala savomera wamba. Phani mwini amakana kubisala kumbuyo kwa zimenezo. Amati panthawiyo sankaganiza zoti akanidwa, ankangodziwa kuti mawu ali pa lilime, mkazi wake wamulonjeza kuti sakana, ndipo palibenso wina woti amunenere.

Anatsegula pakamwa. Dokotala anadikira.

"Mango a tsabola," anatero Phani. "Akudya ambiri. Kodi mwana sangamve kuwawa?"

Dokotala anaseka, anati mwana alibe nazo vuto, wovutika ndi mayi ndi kutentha pamtima, achepetseko ngati zikumusowetsa tulo. Anawauza kuti adzabwerenso pakatha masabata awiri. Sravanthi anasiya chitsulo chija. Zala zinali zitauma, moti anachita kuzitambasula chimodzichimodzi.

Panja mayi Annapurna anaimirira ndi chikwama. Phani anawayandikira, anaweramitsa mutu monga amachitira kwa bwana wake, koma ulendo uno popanda kuseka. Anawauza kuti Lachinayi kulibe, dokotala sanamufunse n'komwe, mwana abwera tsiku lake. Anati tsiku lija anachita kulipempha yekha, a Sastri anamuchenjeza, iye sanamve.

Mayi anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka pa dazi.

"Akamwini, ine ndinasiya sukulu ndili mwana, ndiye kukhulupirira nyenyezi n'kwanga. Inu ndi madigiri awiri munakazipatsa nyenyezi tsiku lomalizira ntchito?" Anamupatsira chikwama. "Nyamulani. N'cholemera, ndinaikamo ndi mtondo womwe."

Akupita ku galimoto, Phani anaimbira Mallik kuti amuuze asiye zija. Mallik anati asavutike, Lavanya anathetsa kale nkhaniyo tsiku la mwambo lomwelo, ndipo iye kuyambira pamenepo akugona pa sofa.

Phani anakhazika apongozi kumbuyo, anathandiza mkazi wake kumanga lamba pansi pa mimba. Asanalize galimoto, Sravanthi anamufunsa, osati monyoza, kuti tsono poti iye wawerenga zonse, mwanayu akabadwa mu Malichi adzakhala nzika ya kuno kapena ayi.

Phani anayamba kunena kuti malinga ndi malamulo aakulu, ndiponso poti chiletso chikadalipo, n'kuima. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ndikuganiza kuti inde," anatero. "Koma sindikudziwa."

"Chabwino," anatero Sravanthi, akutsamira kumbuyo. "Tiye, mwana wako ali ndi njala."